Atelala ndi Mitundu ya M'kati

Bambo anga ndi telala, ndipo anayamba kupalasa makina ine ndisanabadwe. Zovala zatsopano amazitha kusoka, koma ntchito yawo yeniyeni ndi kukonza zimene ena anasoka kale: kubweza buluku lokula m'chiuno, kufupikitsa manja a jekete, kusintha zipi yoguluka mano, kuika chigamba pamalo pamene mwini wake sakufuna kuti anthu adziwe kuti pali chigamba. Amagwirira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yochapa ndi kusita zovala. Ukalowa umayamba wapeza kauntala ndi zovala zolendewera pamahang'ala, pambali pali bambo wosita ndi makina ake a nthunzi, kenako pali katani yobiriwira. Kuseri kwa kataniyo ndiye kuli iwo, makina awo akuda opalasa ndi phazi, kabati yamatabwa, ndi zenera limodzi loyang'ana khoma la ogulitsa matayala.

Chingerezi chawo chinali cha patepi yoyezera. Manambala ankawadziwa onse, mayina a mitundu ya nsalu ankawadziwanso, ndipo kwa iwo zimenezo zinali zokwanira. Mwini shopu wakale anali mnzawo wapamtima, ankalankhulana chinenero chathu chomwechi, kunyozana ndi kusekana ngati pachibale. Mavuto anayamba mkuluyo atakalamba n'kugulitsa shopu kwa mayi wina wochokera kunja, amene m'chinenero chathu ankangodziwamo moni ndi zikomo. Kunyumba tonse timawatchula Adona. Ndi munthu waulemu, koma amalankhula mothamanga ngati akuthawa mvula.

Ine ndine mwana wawo wamkazi, ndipo ndimaphunzitsa Chingerezi kusekondale. Bambo ntchito yangayi sankaiwerengera. Ankati, "Kungolankhula tsiku lonse nayonso ndi ntchito? Amako amachita zomwezo popanda kupita kukoleji."

Tsiku lina kushopu kunabwera mkwati amene ukwati wake unali kumapeto kwa sabata yomweyo. Suti anabwereka kwa mkulu wake, munthu wathupi, pamene iye anali woonda ngati ndodo ya tsache. Adona anamuyeza m'chiuno pakauntala pomwepo, n'kusuzumira kuseri kwa katani buluku lili m'manja. Anati, "Take it in, please," kenako anatchula nambala, koma nthawi yomweyo makina a nthunzi anafwenthera ndipo nambalayo inapita ndi phokoso.

Bambo ankadziwa kuti "take" ndi kutenga, "in" ndi m'kati. Analitenga bulukulo, analisasa fumbi ndi bulashi, analivindikira ndi pulasitiki, n'kulipachika m'kabati. Linakhala m'menemo mwaulemu wonse, losakhudzidwa ndi singano.

Mawa lake kuli ukwati, mkwati anafika masana kudzatenga buluku lake. Analiyesa patsogolo pa galasi, ndipo atangolisiya kuti akonze kolala, buluku linatsika lokha mpaka m'mapazi. Bambo wosita anathawira panja kukasekera komweko. Adona nkhope inafiira.

"I said take it in!"

"Yes, madam! In!" anatero bambo, akuloza kabati ndi manja onse awiri.

Analibweza bulukulo pomwepo, mkwati atakhala pampando wawo atadzikulunga nsalu yapatebulo ya kasitomala wina. Linamukhala bwino ndithu, ndipo anachoka akuthokoza. Koma bambo mtima sunakhale pansi. Ataweruka anabwera kwathu asanafike n'kwawo komwe, ndipo anakana mpando.

"Aphunzitsi," anatero. Amanditchula choncho akafuna kundiputa. "Kodi 'in' ndi chiyani?"

"Ndi m'kati, bambo."

"Eya. Nanga ineyo ndalakwa pati?"

Atandifotokozera zonse, ndinayesetsa kuti ndisaseke. Ndinawauza kuti pa nkhani ya zovala, "take in" ndi kubweza.

"Bulukulo likulowa m'kati mwa ndani?"

"M'kati mwa ilo lomwe. Si paja mukamabweza, nsalu yotsala mumaipindira m'kati?"

Ndinaona kuti zawalowa, ndipo zimenezo n'zimene zinawakwiyitsa kwambiri.

"Ndiye angonena kuti bweza! Lamlungu ubwere kunyumba. Undiuze am'kati awo onse, ndithane nawo kamodzi."

Ndaphunzitsapo ana amwano, ana ogona m'kalasi, ana oti ukawafunsa funso amakuyang'ana ngati wawatukwana. Koma sindinaphunzitsepo munthu ngati bambo anga. Mwana wasukulu akapanda kumva amangokhala chete. Bambo akapanda kumva amazenga mlandu, ndipo woimbidwa mlandu ndimakhala ine, ngati Chingerezicho ndinachipanga ndine.

Tinkakhala patebulo masana a Lamlungu, amayi ali chapafupi ndi ketulo yawo ya tiyi. Ndinayamba ndi "inside". Ndinati ndi m'kati momwemo, koma motsindika kuti pali khoma kapena chotchinga, monga m'bokosi kapena m'chipinda.

"Nanga 'in' uja alibe khoma?"

"Nthawi zina ali nalo."

"Ndiye winayu wabwera kudzatani?"

Ndinapita pa "indoors", kuti ndi m'nyumba, kusiyana ndi pabwalo.

"Dikira. 'Door' si chitseko?"

"Ndi chitseko."

"Amakhala m'chitseko ndani? Chiswe?"

Amayi anaseka mpaka tiyi anawatsamwa. Ine ndinapuma mozama n'kutenga jekete lawo pamsana pa mpando. Ndinawaonetsa thumba lobisika lija la pachifuwa. Ndinati ena amalitcha "inner pocket", ena "inside pocket".

"Lenileni ndi liti?"

"Onse ndi enieni, bambo."

"Mwana mmodzi abambo awiri. Pitiriza."

"Interior" anabwera naye okha, chifukwa kushopu kunkabwera mayi wina wokongoletsa nyumba za anthu ndi makatani oti apindidwe, ndipo Adona ankamutchula ndi mawu amenewo. Ndinati limeneli amakonda kulinena pa m'kati mwa nyumba kapena mwa galimoto, makamaka akamakamba za maonekedwe. Ndiye panali "internal", la m'kati mwa thupi kapena nkhani za m'kati mwa kampani. Ndiye "within", limene ndinawauza kuti kawirikawiri limanena za nthawi: Adona akauza kasitomala kuti "within a week", ndiye kuti sabata isanathe.

Pamenepo bambo anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Ife tili ndi m'kati mmodzi ndipo watikwanira! M'kati mwa nyumba, m'kati mwa mimba, m'kati mwa sabata, m'kati mwa nkhani. Unamvapo kuti wina wasochera? Awa akhala pansi n'kumaswa m'kati ngati nkhuni. Analibe ntchito?"

"Nanga inu, bambo a ana," anatero amayi, "ulusi muli nawo mitundu ingati m'kabati muja? Ine ndimangoona ulusi, koma ndikatengako umodzi wosokera batani mumalira ngati ndakuberani mwana."

"Ulusi ndi nkhani ina."

"Ndi inadi."

"Usalowerere za sukulu, mayi iwe."

Zinkatha choncho Lamlungu lililonse. Ndinkabwerera kwathu mutu ukuwawa, n'kulumbira kwa amuna anga kuti sindipitanso. Sabata yotsatira bambo ankaimba foni m'mawa: "Aphunzitsi, lero tili ndi kalasi, musachedwe." Achimwene anga anayesako tsiku limodzi ine nditadwala. Anafika pa "inside out", kuvala chovala motembenuza, bambo n'kuwafunsa kuti chinthu chingakhale bwanji m'kati ndi kunja nthawi imodzi, ndiponso ngati kusukulu ankapitadi kapena ankathera panjira. Achimwene sanabwererenso.

Patapita miyezi, Lamlungu lina bambo anandifunsa funso mosasamala, maso ali pakapu.

"Uja 'within', akakhala yekha wopanda sabata kumbuyo kwake, amatanthauza chiyani?"

"Ndi kalankhulidwe kachikale. Ndi m'kati basi. M'kati mwa mtima, kapena m'kati mwa nyumba imene waimapo. Mwamuona kuti?"

"Ndangofunsa."

Sanatsutse, sanamenye tebulo. Ndinangoti mwina atopa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti Adona anali atamata chikwangwani pagalasi la shopu, cholembedwa kuti "Tailor wanted. Enquire within." Bambo anachiwerenga m'mawa wina akufika kuntchito. Telala akufunika. Funsani m'kati. Mumtima anati basi, nkhani ya buluku ija yafika pamapeto, akufuna kundichotsa ndipo alibe ngakhale ulemu wondiuza pamaso. Sanauze amayi, sanauze ine. Anayamba kudya pang'ono, kulankhula pang'ono, amayi mpaka anaganiza kuti ndi shuga.

Koma anapezanso poyambira. Chikwangwani chinati funsani m'kati. M'kati mwenimweni mwa shopu ija ndi kuseri kwa katani, ndipo kuseri kwa katani kunali iwo. Adona m'mawa ankakonda kutuluka ndi galimoto kukasiya zovala kumahotela. Wofuna ntchito akafika, bambo wosita ankangoloza kukatani ndi chibwano, munthu n'kulowa.

"Odi, ndaona chikwangwani panjapo."

"Mwachedwa, achimwene. Malo adzaza dzulo."

Wina akaoneka wokakamira, ankamupatsa jekete lachikopa n'kumuuza kuti alibweze mapewa popanda kusiya bowo la singano. Munthu ankaliyang'ana jeketelo, n'kutsanzika yekha. Adona ankadabwa kuti mzinda wonsewu mulibe telala wofuna ntchito.

Ndiye kunabwera mayi wina wamasiye, wamkulu ndithu, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri kufakitale yosoka mayunifomu. Pambuyo pake tinamutcha Mayi Sizasi, chifukwa lilime lake limadula mbali zonse ziwiri. Analowa kuseri kwa katani chikwama chili m'khwapa.

"Malo adzaza, mayi," anatero bambo osadzutsa mutu.

"Adzaza? Nanga chikwangwani chikutani pagalasi?"

"Aiwala kuchotsa."

"Eni shopu ndinu?"

"Chikwangwani chati funsani m'kati. M'kati muno ndine."

"Chati funsani m'kati, sichinati funsani nkhalamba. Ndidikira eni ake."

Anakhala pa mulu wa makatani, n'kutulutsa zoluka zake. Bambo anapalasa makina mwaukali kuti phokoso limuthamangitse, koma mayiyo ndi wa kufakitale, phokoso ndi kwawo. Adona atafika, Mayi Sizasi anawalonjera m'Chingerezi chosalala n'kuwafunsa ngati malo adzazadi. Posakhalitsa foni yanga inalira kusukulu. Anali Adona, akupempha kuti ndibwere ndidzamasulire chifukwa iwo mutu waima.

Ndinawapeza onse m'kachipinda kaja, mopanda ndi popondera pomwe. Bambo anali atavala kale jekete, sizasi yawo yaikulu ndi tepi atazikulunga m'nsalu, okonzeka kuchoka.

"Uwauze kuti sindikupempha chisoni," anatero. "Ndagwira ntchito muno iwo asanadziwe kuti kuli shopu. Buluku limodzi lokha basi?"

Ndinamasulira. Adona anagwira kumutu. Anati za buluku anaiwala kalekale. Anati ntchito yachuluka chifukwa makasitomala akuuzana za telala wa kuseri kwa katani, zovala zaunjikana, ndipo akufuna munthu wachiwiri woti awathandize. Anatinso anawauza bambo zimenezi chikwangwani chisanamatidwe, ndipo bambo anavomera.

"Bodza! Anandiuza liti?"

Ndinafunsa Adona kuti ananena mawu otani. Anati, "We need another pair of hands in here."

Bambo anakwinya nkhope, kenako anayang'ana pansi.

"Mawu amenewo ndinawamva. 'Hands' si manja? Ndinayesa akunena manja a jekete, kuti pali lina lofunika kuika manja. Ndinalifunafuna tsiku lonse osalipeza."

"Ndiye munayankha kuti chiyani?"

"Yes, madam."

"Bambo! Bwanji osandifunsa? Bwanji osandiuza za chikwangwani? Lamlungu lililonse ndimasiya ana anga kunyumba n'kumadzakangana nanu za chiswe cha m'chitseko, koma chinthu chenicheni chikafika mumabisa?"

"Usandikalipire pamaso pa anthu. Ndine bambo ako."

"Anthu angati mwawabweza?"

"Sindinawerenge."

"Ambiri," anatero bambo wosita ali kuseri kwa katani.

Adona atamva zonse anaseka mpaka misozi, kenako anagwira bambo dzanja n'kunena kuti sakupita kulikonse. Bambo anamasula kansalu kawo mwakachetechete n'kubwezera sizasi pamalo pake. Mayi Sizasi anayamba ntchito sabata yotsatira.

Kachipinda kaja kanali kochepa kwa munthu mmodzi, ndiye taganizani makina awiri ndi anthu awiri osafuna kugonja. Ankakangana za zenera, za wailesi, za amene wasuntha choko. Koma chimene chinkawapweteka bambo kwambiri n'chakuti Adona akalankhula, Mayi Sizasi ankatembenuka n'kumasulira mokweza, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana.

"Ndamva kale!" ankatero bambo.

"Munamvanso kale za manja a jekete."

Tsiku lina masana bambo anagwada pansi akupinda m'munsi mwa diresi laukwati limene analiveka pachidole choyezera. Mapini anali atawaluma pamilomo monga amachitira atelala. Nsalu ya diresilo inali yofanana mbali zonse, yosavuta kusokoneza. Mayi Sizasi anayang'ana kamodzi n'kunena m'Chingerezi dala kuti, "It's inside out."

Bambo anadziwa tanthauzo lake, anadziwanso kuti mayiyo akunena zoona, misoko inali kunja. Anakoka mpweya kuti amuyankhe mawu oti sadzawaiwala. Mapini ena anagwa pansi. Imodzi inapita kukhosi, ndipo anaimeza.

Mayi Sizasi ndi amene anawakokera m'galimoto ya Adona, akuwakalipira njira yonse kuti asatsokomole, asalankhule, asapindike. Ine ndi amayi tinawapeza kuchipatala atajambulidwa kale. Anagona chagada pabedi, maso ali kudenga, akuopa ngakhale kumeza malovu. Amayi ankalira uku akuwanena.

"Ndakhala ndikukuuzani kuti pakamwa si mbale ya mapini. Mukafa ndi pini ndikauza anthu chiyani? Amuna anzanu amafa ndi matenda omveka."

Dokotala anabwera ndi chithunzi n'kuchiika powala. Pini inkaoneka bwinobwino, kamzere koyera pakati pa mdima. Anayamba kufotokozera namwino ndi ine m'Chingerezi. Anati pini ili "inside the stomach". Anati sakuona "internal bleeding". Anati awasunga ngati "inpatient" kuti aziwayang'anira, ndipo ngati zonse ziyenda bwino ituluka yokha "within a few days".

Ndinatembenuka kuti ndimasulire, koma bambo anakweza dzanja. Analankhula motsitsa, milomo yokha ikugwedera.

"Ndamva. Ili m'kati mwa mimba. Sinabaye m'kati. Ndigona m'kati muno. Ituluka m'kati mwa masiku ochepa." Anapuma pang'ono. "Munthu ndikufa, iwo akusinthasintha mawu ngati malaya. Uwauze adokotalawo kuti zonsezo ndi m'kati."

Dokotala anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akuthokoza kwambiri.

Pini inatuluka yokha monga ananenera dokotala, ndipo za katulukidwe kake bambo analetsa banja lonse kuzikamba. Mayi Sizasi anabwera kudzawaona m'wodi atawasokera kapilo kobayapo mapini kovala padzanja. Bambo anakatembenuza uku ndi uku, anati msoko wake ndi wokhota, n'kukavala. Amakavala mpaka pano.

Atabwerera kuntchito, Adona anati ngozi ngati imeneyi isachitikenso chifukwa cha kusamvana, ndipo anapempha bambo kuti aziwaphunzitsa chinenero chathu pa nthawi yopuma. Bambo anavomera msangamsanga. Anandiuza kuti tsopano ndione mmene mphunzitsi weniweni amaphunzitsira, mopanda kuzunguza anthu mitu.

Sipanapite nthawi yaitali, Loweruka lina masana anatulukira kwathu thukuta lili kamukamu. Ulendo uno mpando anaulandira.

"Mayi uja, Adona, mutu wake ndi wouma," anatero. "Ndamuphunzitsa bwinobwino. M'kati ndi m'kati. Pakati ndi pakati. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

"Chachitika n'chiyani, bambo?"

Dzulo lake kushopu kunabwera amayi awiri a kutchalitchi kwa Mayi Sizasi kudzamufuna. Anafunsa pakauntala ngati alipo. Adona, pofuna kuonetsa zimene aphunzira, anamwetulira, analoza kukatani n'kunena momveka bwino kuti, "Mayi ali ndi pakati."

Amayi aja anayang'anana. Mmodzi anafunsa kuti, "Ndi pakati?" Adona anagwedeza mutu mosangalala n'kuwonjezera mawu ena amene bambo anawaphunzitsa: "Inde. Ndi abambo." Ankatanthauza kuti onse awiri ali kuseri kwa katani. Amayi aja sanalowe n'komwe. Anatuluka mothamanga, ndipo pofika madzulo foni ya Mayi Sizasi inali ikungolira, mpaka mwana wake wamkulu anaimba kufunsa ngati zimene akumvazo n'zoona.

"Ndiye panopa Mayi Sizasi akuti chiyani?" ndinafunsa, ndikudziluma mlomo.

"Akuti ndipite naye kutchalitchi kwawo mawa ndikaime kutsogolo ndikafotokoze. Ine! Pa msinkhu wanga uno!"

"Nanga amayi kunyumba amva?"

Bambo anapukuta thukuta ndi kapilo ka mapini kaja, pini ina n'kuwakanda pachipumi.

"N'chifukwa chake ndabwera kuno. Tiye limodzi kunyumba, ukayambe ndiwe kulowa."